Zimbale za Rock za 1975 Zimene Dziko Linazilambalala

[NYIMBO YOTSEGULIRA. Ilire pang'ono, kenaka itsike pansi pa mawu]

WOULUTSA: Lero tibwerera m'mbuyo mpaka chaka cha 1975, ndipo tikamba za rock, nyimbo zija za magitala amagetsi, besi ndi ng'oma zolira mosanyengerera.

Mukafunsa wokonda rock aliyense kuti chaka cha 1975 amachikumbukira ndi chiyani, mayankho amakhala omweomwewo. Mu Febuluwale gulu la Led Zeppelin linatulutsa chimbale cha Physical Graffiti. Mu Ogasiti Bruce Springsteen anatulutsa Born to Run, ndipo pofika Okutobala nkhope yake inali pachikuto cha magazini a Time ndi Newsweek sabata imodzi yomweyo. Mu Sepitembala kunabwera Wish You Were Here cha Pink Floyd, mu Novembala A Night at the Opera cha Queen. Zimbale zimenezi ndi zabwino, palibe wotsutsa, ndipo sizisowa woziyankhulira.

Koma chaka chomwecho kunajambulidwa zimbale zina zimene sizinayende malonda, kapena zinamveka kwawo kokha, kapena zinangotsekeredwa osatuluka n'komwe. Zimenezo ndiye nkhani yathu. Kumsika, wogulitsa amene wakhala pachipata ndiye amatha katundu msanga, ngakhale kuti tomato wabwino ali ndi mayi amene wakhala kuseri. M'ndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri umatiuza amene anali pachipata. Sutiuza kuti anaimba bwino ndani.

Achinyamata amene munabadwira pa nyimbo za mufoni, dziwani kuti chimbale cha nthawi imeneyo chinali chozungulira, chakuda, cha pulasitiki, choliza pa gumbagumba ndi singano. Mbali iliyonse inkatenga mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono, kenaka munthu ankadzuka kukachitembenuza. Oimba ankaganizira bwino nyimbo yotsegulira mbali ndi yotsekera. Mukumbukire zimenezi, chifukwa zitithandiza kutsogoloku.

Tiyenda maiko anayi: England, Germany, America ndi Zambia. Kulikonse tifunsa mafunso awiri. Chimbalechi chili ndi chiyani choti khutu lanu lisake? Nanga chinachikwirira n'chiyani?

[NYIMBO: Dr. Feelgood, "She Does It Right". Masekondi 40]

WOULUTSA: Amene mwawamvawo ndi a Dr. Feelgood, ochokera pa Canvey Island, kachilumba kokhala pamene mtsinje wa Thames ukuthira m'nyanja, dera la matanki a mafuta ndi gasi. Chimbale chawo choyamba, Down by the Jetty, chinatuluka mu Januwale 1975.

Kuti mumvetse chifukwa chake chinadabwitsa anthu, onani mmene rock ya ku Britain inalili. Magulu akuluakulu ankapikisana pa kutalikitsa nyimbo ndi kukometsa zionetsero. Mu 1973 gulu la Yes linatulutsa zimbale ziwiri zophatikiza zokhala ndi nyimbo zinayi zokha, iliyonse kudzaza mbali yonse. Mu Meyi 1975 Rick Wakeman anachita chionetsero cha nthano ya King Arthur ku Wembley, ndi kwaya, okhestra ndi anthu otsetsereka pa madzi oundana. Woimba rock anasanduka munthu wapatali, woonera pa mtunda.

Dr. Feelgood inali anyamata anayi a tsitsi lalifupi ndi masuti otchipa, oimba m'mabala a mu London momwe woimba ndi womvera amapumirana mpweya. Lee Brilleaux ankaimba ndi mawu okhakhala ndi kuliza hamonika. John B. Sparks anali pa besi, John Martin, wodziwika kuti The Big Figure, pa ng'oma, ndipo Wilko Johnson pa gitala.

Tcherani khutu kwa Wilko. Magulu ambiri amakhala ndi magitala awiri, lina losunga kayendedwe ka nyimbo, lina lokometsera. Wilko ankachita zonse ziwiri yekha nthawi imodzi, ndi zala zokha, popanda kapulasitiki kokhwatchira nsambo. N'chifukwa chake gitala lake limamveka loduladula, lodumphadumpha, losapumira.

Chinanso, pofika 1975 pafupifupi zimbale zonse zinkatuluka mu sitiriyo, mawu ogawidwa m'masipika awiri. Iwo anasankha mono, mawu onse kutulukira pamodzi ngati zimbale zakale, ndipo chithunzi cha pachikuto chinali chopanda mtundu, chakuda ndi choyera basi. Ogula ambiri anaona ngati katundu wachikale. Chimbalecho sichinalowe m'ndandanda wa zogulidwa kwambiri.

Koma chinafika m'manja mwa anthu oyenera. Achinyamata amene anadzayambitsa punk ku London mu 1976 anali ataonera gululi m'mabala n'kuzindikira kuti nyimbo ya mphindi zitatu ndi zida zinayi n'zokwanira. Paul Weller wa gulu la The Jam sanabise kuti anatengera kwa Wilko. Gulu la ku Sweden la Roxette, lija linatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, linatenga dzina lake ku nyimbo ya m'chimbale chomwechi. Mu 1976 Dr. Feelgood inafika pa nambala wani ku Britain ndi chimbale china chojambulidwa pa zionetsero, chotchedwa Stupidity. Anthu anathamangira chimenecho, choyambacho n'kutsalira m'mbuyo. Vuto la Down by the Jetty linali kufulumira: chinabwera ogula asanakonzeke.

[NYIMBO: Neu!, "Isi". Mphindi imodzi]

WOULUTSA: Tawoloka nyanja, tili ku Düsseldorf, m'dziko limene panthawiyo linali West Germany. Mwamva nyimbo yotsegulira chimbale cha Neu! '75, cha anthu awiri okha: Michael Rother pa gitala ndi makiyibodi, Klaus Dinger pa ng'oma. Onse awiri anaimbako kanthawi kochepa m'gulu la Kraftwerk asanayambe lawo mu 1971.

Oimba a ku Germany a m'badwo umenewu anakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Nyimbo za makolo awo zinali zitadetsedwa ndi ulamuliro wa Hitler, ndipo kungokopera za ku America ndi Britain sikunawakhutitse. Ankafuna kuyamba zawozawo. Rother anachotsa blues m'kalizidwe kake ka gitala. Dinger anachotsa zokometsera zonse pa ng'oma n'kusiya kugunda kumodzi kopita kutsogolo, kosasintha, kosatembenuka, mwina kwa mphindi khumi. Ulendo woyamba mudzati woimba ng'omayu waiwala kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapirira mphindi ziwiri kapena zitatu, khutu limasiya kudikira kusintha n'kuyamba kumva timawu ting'onoting'ono timene tikuyenda pamwamba pa kugundako.

Anthu awiriwa anali osiyana mitima. Rother anali wofatsa, wokonda nyimbo zoziziritsa mtima. Dinger anali waphuma, wofuna kukuwa. Pojambula chimbale chawo chachiwiri mu 1973 ndalama zinawathera pakati, ndipo anadzaza mbali yachiwiri ndi nyimbo ziwiri zomwezomwezo, apa zothamangitsa, apa zochedwetsa. Pofika kumapeto kwa 1974, pamene ankalowa mu situdiyo ya Conny Plank kukajambula chachitatu, aliyense anali atayang'ana kwake.

Anagwirizana zogawana chimbale pakati, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mbali ziwiri ija ikugwira ntchito. Mbali yoyamba ili ndi nyimbo zitatu zodekha: piyano, gitala lolira mokoka, mkokomo wa madzi. Mukatembenuza, mumapeza gulu lina. Dinger wasiya ng'oma, wanyamula gitala, akukuwa pa maikolofoni, ndipo kumbuyo kwake kuli oimba ng'oma awiri, m'bale wake Thomas Dinger ndi Hans Lampe. Imvani.

[NYIMBO: Neu!, "Hero". Masekondi 45]

WOULUTSA: Imeneyo inajambulidwa gulu la punk la Sex Pistols lisanaimbe n'komwe pagulu, pakuti chionetsero chawo choyamba chinachitika mu Novembala 1975. David Bowie, amene anasamukira ku Berlin mu 1976, ankanena poyera kuti amakonda nyimbo za Neu!, ndipo kalizidwe kake ka zaka zimenezo kamachitira umboni.

Nanga chinakwirira chimbalechi n'chiyani? Mkangano wa eni ake. Chitangotuluka, awiriwa anapatukana. Rother anapitiriza ndi gulu la Harmonia, Dinger anayamba La Düsseldorf. Itabwera nyengo ya ma CD, pamene makampani ankatulutsanso zimbale zakale, iwo sanagwirizane za chilolezo kwa zaka zambiri. Amene ankafuna nyimbozi ankagula zokopera zakuba. Zimbale za Neu! zinatulukanso mwalamulo mu 2001, kudzera ku kampani ya woimba Herbert Grönemeyer. Dinger anamwalira mu 2008. Zaka zambiri zimene achinyamata akanazidziwa nyimbozi zinathera m'makalata a mkangano.

[KANYIMBO KOLEKANITSA]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za zimbale za rock za 1975 zimene sizinalandire ulemu woziyenera. Tsopano tili ku Detroit, ku America, ndipo chimbale chachitatuchi chili ndi nkhani yosiyana, chifukwa mu 1975 palibe anachigula. Sichinatuluke.

Detroit ndi mzinda wa mafakitale a magalimoto komanso kwawo kwa Motown, kampani imene inatchukitsa Stevie Wonder, Marvin Gaye ndi The Supremes. Mnyamata wakuda wa mumzindawu akanyamula gitala, aliyense ankayembekezera soul kapena funk. Ana atatu a banja la Hackney, David, Bobby ndi Dannis, anayambadi ndi funk. Bambo awo anali mlaliki wa mpingo wa Baptist. Koma David ataonera gulu la The Who likuimba, anabwera kunyumba atasintha maganizo: rock, yothamanga ndi yaphokoso. Ankayeserera m'chipinda chapamwamba kunyumba kwa mayi awo, ndipo anansi sankasangalala nazo.

Bambo awo atamwalira pangozi ya galimoto, David anapatsa gululo dzina loti Death, imfa. Kwa iye, mwana wa mlaliki, imfa inali khomo lolowera moyo wina, osati chinthu choopseza anthu. Kwa ogulitsa nyimbo linali dzina losagulika.

Kumayambiriro kwa 1975 analowa mu situdiyo ya United Sound ku Detroit n'kujambula nyimbo zisanu ndi ziwiri. Malinga ndi mmene abalewa amafotokozera, Clive Davis, mmodzi mwa akuluakulu a makampani a nyimbo ku America, anali wokonzeka kuwalemba atangosintha dzina. David anakanitsitsa kwamtuwagalu. Mwayiwo unapita, ndipo makampani enanso anawakana. Mu 1976 anadzitulutsira okha kachimbale kakang'ono ka nyimbo ziwiri, makope 500 okha. Mawailesi sanakalabadire. Mu 1977 gululo linatha.

[NYIMBO: Death, "Politicians in My Eyes". Mphindi imodzi]

WOULUTSA: Mwamva mmene besi ikutsogolera, ng'oma zikuthamanga, gitala likulowa mwaukali kenaka n'kubwerera. Chimbale choyamba cha Ramones, chimene mabuku ambiri amachitenga ngati chiyambi cha punk, chinatuluka mu Epulo 1976. Ana a Hackney anali atajambula zimenezi chaka chathunthu m'mbuyo mwake, ndipo luso lawo pa zida linali lozama kuposa la magulu ambiri a punk amene anadzatchuka.

Abalewa anasamukira ku Burlington, m'chigawo cha Vermont. Anaimbako rock yauzimu, kenaka Bobby ndi Dannis anayamba gulu la rege lotchedwa Lambsbread. David anabwerera ku Detroit. Asanamwalire ndi khansa ya m'mapapo m'chaka cha 2000, anapereka matepi aja kwa Bobby n'kumuuza kuti awasunge bwino chifukwa tsiku lina anthu adzawafuna. Bobby anawaika m'chipinda cha kudenga, osauza ngakhale ana ake.

Kachimbale kakang'ono kaja ndi kamene kanaulula. Osonkhanitsa zimbale zakale anayamba kukasaka pa mtengo wokwera, nyimbo zake zinafika pa intaneti, ndipo mu 2008 ana a Bobby anazimva n'kuzindikira mawu a bambo awo. Matepi anatsitsidwa kudenga. Mu 2009 kampani ya Drag City ya ku Chicago inatulutsa nyimbo zonse zisanu ndi ziwiri pa chimbale chotchedwa For the Whole World to See, patatha zaka 34. Mu 2012 kunatuluka filimu yofotokoza mbiri yawo, A Band Called Death.

Kodi David analakwa kukana kusintha dzina? Mukambirane kwanuko. Chimene chili poyera n'chakuti chimbalechi chinatsekeredwa ndi dzina, komanso ndi maganizo akuti rock si ya anthu akuda, ngakhale kuti Chuck Berry, Little Richard ndi Sister Rosetta Tharpe, amene anaika maziko a nyimbozi, anali akuda. Chimbale chonse sichikwana theka la ola. Chisakeni.

[NYIMBO: Amanaz, "History of Man". Masekondi 50]

WOULUTSA: Omvera ena mwina mukuganiza kuti tikadali ku America. Ayi, tafika pafupi. Amenewo ndi a Amanaz, a ku Kitwe, ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia.

Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino. M'matauni a ku Copperbelt, monga Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira, munali anthu olandira malipiro pamwezi, makalabu a ogwira ntchito kumigodi ndi maholo ovinira. Achinyamata ankamvera Jimi Hendrix, The Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown. Anayamba ndi kuimba nyimbo za anthu amenewa, kenaka n'kupeka zawo, kusakaniza magitala aukali ndi kagundidwe ka ng'oma za kumudzi. Mtundu umenewu unatchedwa Zamrock. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nayenso ankaliza gitala, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi ya dzikolo zikhale za oimba a ku Zambia. Mwadzidzidzi panafunika zimbale zambiri. Edward Khuzwayo, mwini wake wa Zambia Music Parlour ku Ndola, ndi kampani ya Teal ndi amene anatulutsa zambiri mwa izo.

Amanaz inali anthu asanu: Keith Kabwe woimba, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, Watson Lungu pa ng'oma. Chimbale chawo, Africa, anachijambula ku Malachite Film Studios ku Chingola ndipo chinatuluka mu 1975. Chili ndi nyimbo 12, zambiri m'Chingerezi, zina m'Chibemba. Ndi chokhacho chimene anatulutsa.

Pali zinthu ziwiri zoti mumvetsere. Choyamba ndi kulira kwa gitala kosokosera kuja. Kumachokera ku kachipangizo kopondera ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaswa mawu a gitala mwadala. Ku Britain ndi ku America kachipangizoka kanali katayamba kutha fasho pofika 1975. Ku Kitwe anakatenga n'kukapatsa ntchito ina. Pa chimbalechi fuzz sakhala pokometsera pokha: amayenda pansi pa nyimbo yonse, wolemera, wosafulumira.

Chachiwiri ndi kudekha. Magulu ambiri a Zamrock anali ovinitsa. Amanaz ankadziwanso kutsitsa mawu. Theka la chimbalechi ndi nyimbo zoyenda pang'onopang'ono, zachisoni, zoimbidwa ndi mawu a munthu wotopa amene akulangiza mnzake. Imvani iyi.

[NYIMBO: Amanaz, "Khala My Friend". Mphindi imodzi]

WOULUTSA: Palibe chokometsera chapamwamba m'menemo. Situdiyo inali yosalira zambiri, ndipo nthawi zina mawu amamveka ngati akuchokera chipinda china. Koma nyimbo yapekedwa bwino, ndipo imayima yokha.

Chaka chomwecho gulu lina la ku Kitwe, WITCH, linatulutsa chimbale chake chachitatu, Lazy Bones!!, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka. Woimba wawo, Emmanuel Chanda, anthu anam'patsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger chifukwa cha kudumpha kwake pa nsanja. Chris Mbewe anali pa gitala lotsogolera. Tinene zoona apa: ku Zambia chimbalechi sichinanyozedwe. Chinayenda malonda ndithu, ndipo WITCH inali gulu lodzaza maholo. Amene anachilambalala ndi olemba mbiri ya rock a ku London ndi New York, amene sankaganiza kuti pakati pa Africa pangachokere rock yofunika kuilemba.

Chimene chinakwirira Zamrock ndi chuma, nkhondo ndi matenda. Dziko la Zambia linkadalira mkuwa pa ndalama zake zakunja pafupifupi zonse. Mu 1975 momwemo mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri, mafuta atakwera kale kuyambira 1973. Munthu wosowa ya ufa sagula chimbale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, asilikali a Rhodesia ankaponya mabomba m'dzikolo posaka omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo boma linaletsa kuyenda usiku. Magulu odalira zionetsero za usiku anasowa pogwira. Disiko inalowa, ndipo mwini bala anaona kuti kulipira munthu mmodzi woliza zimbale n'kotchipa kusiyana ndi oimba asanu. Makaseti okopera anamaliza malonda otsalawo. Kenaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 Edzi inatenga oimba ochuluka a m'badwo umenewo. Mwa asanu amene anajambula Lazy Bones!!, Jagari yekha ndiye anatsala. Iye anakhala mphunzitsi, kenaka n'kumakumba miyala yamtengo wapatali.

Matepi ambiri a Zamrock anasowa. Zimene zinapulumutsa nyimbozi ndi zimbale zimene anthu wamba anasunga m'nyumba. Kampani ya ku America ya Now-Again inatulutsanso zimbale za WITCH mu 2012 ndi Africa cha Amanaz mu 2015. WITCH inadzukanso, Jagari akutsogolera pamodzi ndi Patrick Mwondela, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, chojambulidwa ku DB Studios komwe kuja. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family, gulu la malemu Paul Ngozi, n'kuchiika m'nyimbo yake, ndipo anthu miyandamiyanda padziko lonse anamva Chinyanja cha ku Lusaka chikuimbidwa pamwamba pa gitala la rock.

[NYIMBO: WITCH, "Lazy Bones". Masekondi 40]

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma pali zimbale zina zitatu za 1975 zoti mulembe pa kapepala.

Choyamba ndi Go Girl Crazy! cha The Dictators a ku New York, rock yanthabwala ndi yamwano pang'ono, imene inatuluka mu Malichi, sinagulidwe, ndipo kampani inawasiya. Ramones anadzadutsa njira imene iwo analambula.

Chachiwiri ndi Fighting cha Thin Lizzy a ku Ireland, gulu la Phil Lynott. Apa ndi pamene magitala awiri a Scott Gorham ndi Brian Robertson anayamba kulira mogwirizana, lina pamwamba lina pansi. Chinangofika pa nambala 60 ku Britain. Chaka chotsatira Jailbreak chinawatchukitsa ndi kalizidwe komweko.

Chachitatu ndi Ruth Is Stranger Than Richard cha Robert Wyatt, woimba ng'oma wa ku England amene anafa miyendo atagwa pawindo mu 1973 koma sanasiye kuimba. M'chimbalechi muli lipenga la Mongezi Feza wa ku South Africa, amene anathawa tsankho kwawo ndi gulu la Blue Notes. Feza anamwalira ku London mu Disembala 1975, ali ndi zaka 30.

Tibwereze zimene taphunzira. Dr. Feelgood inafulumira. Neu! inakangana. Death inakanidwa chifukwa cha dzina ndi khungu. Amanaz ndi WITCH anagwa pamodzi ndi mtengo wa mkuwa. Pa zifukwa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chokhudza ubwino wa nyimbo. Mukandifunsa choyambira, ndikuti yambani ndi Africa cha Amanaz. Chimaima bwinobwino pambali pa chimbale chilichonse chotchuka cha chaka chimenecho, ndipo pa nyimbo zodekha chimaposa zambiri mwa izo.

Zimbale zonse zimene tatchulazi zinatulutsidwanso ndipo zimapezeka pa intaneti. Mukapeza chimodzi, musadumphedumphe. Chimvereni chonse, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, mmene eni ake anachisanjira, ndipo muchipatse mwayi wachiwiri musanachiweruze. Ngati mungathe kugula mwalamulo, gulani, chifukwa ena mwa oimbawa akadali moyo ndipo mabanja a amene anatisiya alipo.

Pempho langa lomaliza likupita kwa inu amene muli ndi zimbale kapena makaseti akale kunyumba, mwina za agogo amene anagwirapo ntchito ku Kitwe, ku Bulawayo kapena ku Joni. Musazitaye, ndipo ana asaseweretse. Zimbale ziimikeni choimirira, musazisanjikize, ndipo zitalikirane ndi dzuwa ndi chinyezi. Funsani akuluakulu kuti anazigula kuti, ankavinira kuti, oimbawo anali ndani, ndipo mulembe zimene akuuzeni. Nyimbo za Death zinasungidwa kudenga la nyumba, ndipo za Zamrock zinasungidwa ndi anthu ngati inu.

Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyino. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA: Amanaz, "Kale". Ilire mpaka kumapeto]